Ndagi ya Mapaundi 15 Miliyoni

Pa tsamba lino tidazolowera kuweruza alakatuli ndi olemba nkhani zopeka, anthu amene kawirikawiri amalemba ndi njala m'mimba ndipo owerenga awo sadzaza ngakhale kalasi imodzi. Lero ndati tiwapumitseko. Pali alembi ena amene sasayina dzina pansi pa zolemba zawo, amalipidwa bwino zedi, ndipo chiganizo chawo chimodzi chimatha kudzutsa banja lonse mbandakucha, kulikweza galimoto ndi kuliyendetsa ulendo wa maola atatu. Ndikunena otsatsa malonda. Iwonso amapeka nkhani, choncho ayenera kuimirira m'bwalo lomweli ngati apeki anzawo. Nkhani imene ndasankha idalembedwa ku England m'zaka za 2009 ndi 2010, ndipo mutu wake udali Thirteen.

Ndiyambe ndafotokoza malo ndi chinthucho, poti si tonse tidachionapo. Alton Towers ndi paki ya zisangalalo m'chigawo cha Staffordshire, pa malo amene kale adali a banja lolemera la ma Earl a Shrewsbury. Chinyumba chawo chakale chikadalipo pakati pa pakiyo, mbali zina chili bwinja. Chimene anthu amapitira kumeneko makamaka ndi ma roller coaster. Roller coaster ndi kasitima kopanda injini yakeyake: amakakokera pamwamba pa chitunda cha njanji, n'kukasiya kuti katsike kokha ndi kulemera kwake, kakukhota, kukwera, kutsika, pena kuzondoka kumene, anthu ali momwemo akukuwa ngati aona mzukwa. Amalipira ndalama kuti aopsezedwe koma asavulale. Malonda onse agona pamenepo, kuti mantha akhale enieni pamene ngozi ili yongoyerekeza.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pakiyi ili ndi mwambo wake. Ikayamba kumanga sitima yaikulu yatsopano siitchula dzina, imangoipatsa zilembo ziwiri ndi nambala: SW, kuimira Secret Weapon, ndiye kuti chida chachinsinsi. SW1 ndi SW2 zidathera pa mapepala. SW3 idadzakhala Nemesis mu 1994, SW4 idadzakhala Oblivion mu 1998, SW5 n'kukhala Air mu 2002, ndipo m'zonsezi mudali dzanja la a John Wardley, katswiri wokonza masewera otere amene ntchito yake adaiyambira ku zisudzo ndi mafilimu. Chinsinsichi sichidabadwe ngati chinyengo ayi. Kaamba ka mbiri ya malowo, boma la m'deralo sililola kuti pamangidwe chinthu chotalika kupitirira mitengo. Mapaki a ku America amapikisana pa kutalika, aliyense kufuna kuti chitunda chake chioneke munthu akadali kutali. Alton Towers singathe kutero, ndiye imakumba. Nemesis adaiika m'chidzenje chimene adachiphwanya m'thanthwe. Oblivion imakuimika pamwamba, nkhope itayang'ana pansi, kenaka n'kukuponya mu una wakuda wolowa pansi pa nthaka, mamita oposa 50 kuchokera pamwamba mpaka pansi. Paki imene singadzitame ndi msinkhu idaphunzira kudzitama ndi zobisika, ndipo Nemesis ndi Oblivion zidakwaniritsa lonjezo. Anthu adazolowera kuti zilembo za SW zikatuluka ndiye kuti kukubwera chinthu chochititsa nthumanzi kuposa cham'mbuyomo.

Mu November 2008 pakiyi idatseka Corkscrew, sitima yakale ya mu 1980 imene idaitchukitsa, n'kuiphwasula. Pa malo pake padayenera kubwera SW6. Tsono ku England munthu ukafuna kumanga chinthu chachikulu umapereka mapulani ku khonsolo, ndipo mapulaniwo aliyense ali ndi ufulu wowaona. Pali gulu la anthu amene roller coaster ndiye mpira wawo: amadziwa kampani imene idasula njanji iliyonse, amasunga chiwerengero cha masitima amene adakwerapo, ena amawoloka nyanja kukakwera imodzi yokha. Anthu amenewa adawerenga mapulani a SW6 monga mlaliki awerengera buku la Chivumbulutso. Njanji ya panja idaoneka bwinobwino: chitunda cha mamita pafupifupi 20, kukhotakhota m'mitengo, popanda pozondoka ngakhale pamodzi. Koma njanjiyo inkalowa m'chinyumba, ndipo za m'chinyumbamo palibe amene adazimasula.

Ndagi idayambira pamenepo. Ena ankati njanji idzapendekeka sitima ili pompo, ena ankati sitima idzaponyedwa ngati mwala wa pa legeni, ena ankati idzabwerera chambuyo. Chidutswa cha njanji chikafika pa malopo ankachijambula ndi kuchiyang'anitsitsa ngati sing'anga pa ula. Ndiyenera kuvomera kuti gawo ili la nkhani lidalembedwa mwaluso, ndipo luso lake lidali kukhala chete. Wofunsa ndagi wabwino sachulutsa mawu, amati "Ndagi!", inu muti "Gize!", iye n'kuponya kachiganizo kamodzi, kwinako mutu ukupweteka ndi wanu. Kwa chaka chathunthu anthu adaitsatsa sitimayo kwaulere, aliyense akumanga yakeyake m'mutu mwake, ndipo ya m'mutu ilibe bajeti, ilibe khonsolo, ilibe mitengo yoiletsa kutalika.

Zidayamba kupotoka pamene a paki adatsegula pakamwa. Dzina lidatuluka chakumapeto kwa 2009, lolembedwa TH13TEEN. Kwa Angelezi 13 ndi nambala ya tsoka, moti mahotela ena amailumpha powerenga zipinda, choncho dzinalo linkanena kale mtundu wa nkhani imene tikulowamo. Kalembedwe kake nako n'koseketsa, chifukwa ukakawerenga monga kalili ukunena 13 kawiri, koma tisataye nthawi ndi zimenezo. Dera limene mudali Corkscrew, lomwe kale linkatchedwa Ug Land ndipo lidali la nthabwala za anthu a m'mapanga, adalisandutsa Dark Forest, nkhalango ya mdima. Adapeka liwu latsopano, psychoaster, kutanthauza sitima yosokoneza mutu. Nyuzipepala zidalemba kuti akuluakulu a paki akuganiza zongolola okhawo a zaka za pakati pa 16 ndi 55, zoti munthu azikwera kamodzi kokha pa tsiku, ndiponso zoti okwera azisayina chikalata chovomera okha zimene zingawaonekere. Adatenganso kanyimbo kodziwika ka ana, ka zidole za zimbalangondo zokadyera limodzi kunkhalango, n'kukapotoza kuti kakhale chenjezo loti munthu asalowemo yekha.

Pa 20 March 2010 chinthucho chidatsegulidwa, chitadya mapaundi 15 miliyoni. Nachi chimene chidali. Sitima ya anthu 20, yopangidwa ndi kampani ya Intamin, chotsekera chake cha pamiyendo pokha, chopanda goli la pamapewa lija amakumanga nalo pa Nemesis. Imakwera chitunda, kutsika, ndipo potsika pomwepo pali mabuleki oichepetsa liwiro. Imayenda m'mitengo pa liwiro losafika makilomita 70 pa ola, pamene Rita, yoyandikana nayo m'dera lomwelo, imafika pafupifupi makilomita 100 pa ola m'masekondi osakwana atatu. Kenaka imakwera kachitunda kena n'kulowa m'chinyumba chija, chimene adachikonza ngati manda akale a pansi pa tchalitchi. Chitseko chimatsekeka kumbuyo. Mdima. Sitima ili chiimire, matabwa akulira, mphepo ikuwomba. Pansi pamagwedera pang'ono, n'kuima. Munthu ukamati basi ndi zomwezo, njanji yonse pamodzi ndi sitima imagwa choongoka, mamita ngati 5. Usanapume n'komwe sitima imayamba kuthamanga chambuyo mumdima, n'kukatulukira panja, kuima, kenaka kubwerera pa siteshoni. Msinkhu wofunika kuti ukwere udali mamita 1.2, msinkhu wa mwana wa zaka 7 kapena 8. Pa Nemesis ndi Oblivion amafuna mamita 1.4. Malire a zaka 16 aja sadaoneke paliponse, chikalata chosayina osaonekanso.

Tsono tiweruze zinthu ziwiri padera, chifukwa anthu ambiri adaziphatikiza. Sitimayo payokha, monga nkhani, njabwino. Ndikunenetsa. Ili ngati nthano ya agogo yoyamba pang'onopang'ono, kalulu akungoyenda m'tchire, mwana n'kumaganiza kuti waidziwa kale. Gawo la panja, limene akatswiri aja adalinyoza kuti ndi lozizira, ntchito yake ndi yomweyo: kukugoneka tulo, kuti uziti aa, kani n'zimenezi. Ndiye kagwedezo koyamba kaja. M'ntchito yonseyo palibe chimene ndimachilemekeza kuposa kameneko. Mlembi wosakhwima akadangogwetsa sitima kamodzi. Amene adakonza Thirteen adadziwa kuti munthu amaopa kwambiri pamene wangomasuka kumene, choncho adayamba wakupatsa yankho labodza, iwe n'kuseka, kenaka n'kukuchotsera pansi. Kubwerera chambuyo kuja kumabwera ngati mchira wa nthano umene sumauyembekezera, womwe umachititsa kuti anthu atuluke akuseka ndi kumenyana pamapewa. Padalinso chatsopano chenicheni, pakuti iyi idali roller coaster yoyamba pa dziko lonse yokhala ndi njanji yogwa choongoka motero. Pamenepo sadaname.

Chinthu chachiwiri ndi nkhani ya otsatsa, ndipo imeneyi idalephera monga nkhani ngakhale idapambana monga malonda. Kulephera kwake koyamba n'kwakuti idaitana anthu olakwika. Ukalengeza kuti wamanga choopsa chimene munthu sangachipirire kawiri pa tsiku, amabwera ndi mnyamata amene wakwera Oblivion maulendo 40, ndipo kwa iyeyo kugwa mamita 5 kuli ngati kudumpha ngalande. Amatuluka atakwinya nkhope, n'kukauza anzake kuti am'bera. Amene adamangiridwa sitimayo ndi kamtsikana ka zaka 8 kamene katopa ndi timasitima ta makanda koma sikadafike pa Nemesis, kali pambali pa bambo ake, katagwira dzanja lawo. Kameneka ndi kamene kadauzidwa kudzera m'nyuzipepala kuti kadikire zaka zina 8. Taganizani za kholo limene lidawerenga za chikalata chosayina, n'kunena kuti mwana wanga sakwera zimenezo. Kholo limenelo silidalakwe, lidangokhulupirira zimene eni ake adanena za katundu wawo. Ndipo onani chipongwe chake: pa malamulo amene ankawaganizirawo, mwana wa zaka 13 sakadaloledwa kukwera Thirteen.

Kulephera kwachiwiri n'kwa mmisiri wa nkhani weniweni. Mphamvu yonse ya sitimayi ili pa chinthu chimodzi, kusadziwa kuti pansi pagwa. Koma kuti ugulitse mawu oti yoyamba pa dziko lonse, uyenera kunena kuti yoyamba kuchita chiyani. Pofika tsiku lotsegulira yankho lidali litamveka kale m'nyuzipepala ndi pa wailesi ya kanema. Pa ndagi ya kumudzi mukalephera mumapereka ng'ombe ya pakamwa, wofunsa n'kumasula. Apa adamasula kaye, ng'ombe n'kudzatolera pambuyo pa geti, ndipo idali ya ndalama zenizeni. Zili ngati kusindikiza buku la upandu, pachikuto n'kulembapo dzina la wakupha ndi zilembo zikuluzikulu, kenaka n'kumadabwa kuti owerenga akuti mathero ake ngozizira.

M'zonse zimene adalemba, chiganizo choona chidali chenjezo lija loti usalowe wekha. Iwo ankafuna kuti limveke ngati chiopsezo, koma lidali malangizo abwino a kakweredwe kake. Thirteen imakoma ukakhala ndi wina pambali amene sadziwa chimene chikubwera.

Oganizira aja nawonso sindiwasiya osawakhudza. Adali ndi mapulani m'manja. Adaona okha kuti chitunda n'chachifupi, kuti palibe pozondoka, kuti chinyumbacho kukula kwake n'kochepa moti simungagwe munthu mamita 50. Umboni wonse unkaloza ku sitima ya banja. Koma munthu akakhala chaka chathunthu akumanga nyumba m'maganizo, safuna kumva kuti puloti ndi yaing'ono. Pamene ankati Thirteen yawakhumudwitsa, mbali ina ankadandaula kuti paki sidamange sitima imene adailemba iwo eni. Izi timaziona ngakhale pa mabuku: wolemba akakhala chete zaka zambiri, buku lake lotsatira limapikisana ndi buku limene owerenga adalilota, ndipo kawirikawiri limagonja. Kusiyana kwake n'kwakuti a paki adaona moto wa maloto ukuyaka, m'malo mouchepetsa n'kuuthira parafini.

Mwina wina anena kuti, bambo wolemba, inu simudagulitsepo kanthu. N'zoona, ndipo mawu a otsatsa ayenera kumvedwa. Chaka cha 2010 chidali chimodzi mwa zaka zimene Alton Towers idalandira anthu ochuluka kwambiri. Kampani ya Merlin Entertainments, imene idatenga pakiyi mu 2007, inkafuna kuti chinthu chatsopano chilichonse chikhale ndi chiganizo chimodzi chogwira mtima, ndipo mawu oti sitima ya banja, kunena zoona, sadzutsa mtolankhani pa mpando. Nkhani yoti paki ikuopa sitima yake yomwe imalowa m'nyuzipepala popanda kulipira. Woitanira minibasi akamakuwa kuti watsala mmodzi, tonse timadziwa kuti mipando isanu ili yopanda anthu, ndipo timakwerabe. Pali bodza lina la pa msika limene wogula ndi wogulitsa adagwirizana kulilekerera. Ngati Thirteen ikadangonenedwa kuti ndi yokoma kuposa zonse, sindikadalemba nkhani ino. Koma malire a zaka ndi chikalata chosayina si mawu okometsera katundu. Amenewo ndi mawu a chitetezo, amene kholo limadalira posankha chimene mwana wake akwere, ndipo iwo adawabwereka kukasewera nawo.

A Wardley eni ake adadzanena pambuyo pake kuti Thirteen idakonzedwa ngati sitima ya banja ndipo katsatsidwe kake sikadagwirizane ndi chimene idali. Umboni wina udachokera m'nyumba momwemo. Mu 2012 paki ya Legoland ku Billund, m'dziko la Denmark, imene idalinso m'manja mwa Merlin, idatsegula Polar X-plorer, sitima yokhala ndi njanji yogwa chimodzimodzi, mamita ngati 5 omwewo. Kumeneko sadatchule za misala kapena za manda. Adaikongoletsa ndi chipale, n'kuidutsitsa pafupi ndi mbalame zija za kumalo ozizira zotchedwa penguin, ndipo ana ankaikwera akuseka. Chitsulo n'chimodzimodzi, zosiyana ndi nkhani zimene adachikutira nazo. Mu 2019 kagwedwe komweko kadalowa m'sitima ya Hagrid ku Universal, mumzinda wa Orlando ku America, monga chodabwitsa chimodzi pakati pa zina zambiri, ndipo anthu ankaima pa mzere maola ambirimbiri kuti akwere. Nzeru imene idayambira m'nkhalango ya Staffordshire idakalemekezedwa kwa eni ena.

Pali chifukwa china chimene nkhani ya chikalata chosayina imandiwawira, ndipo ndichinena mosamala chifukwa si otsatsa malonda amene adachititsa. SW7 idatsegulidwa mu 2013 ndi dzina loti The Smiler, yozondoka maulendo 14, kuposa ina iliyonse pa dziko nthawi imeneyo. Pa 2 June 2015 ngolo yake imodzi, muli anthu 16, idawomba ngolo ina yopanda anthu imene idaima pa njanji. Makina a chitetezo adali ataiimitsa sitimayo, koma anthu ogwira ntchito adaganiza kuti makinawo alakwitsa, n'kuiyendetsanso. Atsikana awiri adadulidwa mwendo aliyense. Mu September 2016 khoti lidalipiritsa Merlin mapaundi 5 miliyoni. Ngozi imeneyi sikhudzana ndi Thirteen, ndipo sindikuti bodza la mu 2010 lidabala tsoka la mu 2015. Ndikungoti tsiku lidafika pamene pakiyi idafunika kuuza anthu kuti chakuti n'chotetezeka, takonza, tikhulupirireni, ndipo idafunika kuti mawuwo amveke monga alili. Paki yomweyo zaka zisanu m'mbuyomo idali itauza dziko kuti mwina sitima yake ingavulaze mutu wa munthu, ikudziwa bwino lomwe kuti mwana wa zaka 7 aikwera bwinobwino. Anthu obwera ku pakiyi adachepa kwambiri pambuyo pa ngoziyo, ndipo padatenga nthawi kuti abwererenso.

Zikuoneka kuti china chake adaphunzirapo. SW8, yotchedwa Wicker Man, idatsegulidwa mu 2018: sitima ya matabwa, msinkhu wofunika mamita 1.2 omwe aja, yodutsa m'chifanizo chachikulu chooneka ngati chikuyaka moto. Nayonso ili ndi nkhani yake yoopsa, ya anthu a m'nkhalango opereka nsembe, koma chifanizocho chili poyera, aliyense amachiona asanakwere, ndipo palibe amene adauzidwa kuti akasayine chikalata. Idalandiridwa bwino ndi magulu onse awiri, akatswiri ndi mabanja omwe.

Thirteen ikadalipo m'mitengo muja. Mawu oti psychoaster adafa okha, ndipo ambiri mwa ana amene amaima pa mzere wake adabadwa pambuyo pa 2010, sadamvepo za malire a zaka 16 kapena za zimene anthu ankalota kuti zili m'chinyumbamo. Pa khomo lolowera pali poyezera msinkhu, ndipo ana amaima pamenepo atatambasula khosi, ena akunyang'ama pang'ono wantchito akayang'ana kumbali. Amene wakwana amalowa ndi mkulu wake kapena mayi ake, ndipo wamkuluyo, ngati ali ndi nzeru, samuuza kanthu za pansi paja.